Mlonda Wathu Amlonda Ndani?

Mu mzinda wa Lusaka mulibe munthu amene sadziwa wapolisi. Timamuona m'mawa ataima pakati pa magalimoto mu Cairo Road dzuwa likumuomba pamutu, timamuona masana pa City Market akuleretsa ndeu, ndipo usiku mbala zikagwedeza zitsulo za pa zenera lathu, ndiye woyamba amene timamuitana. Ambiri a ife tili naye mau. Ena timati ndi wankhanza, ena timati amakonda nchekelako, ena timati amafika mbala zitapita kale. Ena mwa madandaulo amenewa ndi oona, ndipo sitiwabisa m'nkhani ino. Koma pali funso limene sitimafunsa kawirikawiri: munthu amene nchito yake ndi kuona zoopsa tsiku ndi tsiku, zimene waonazo amakazitula kuti?

Wapolisi si mlendo pakati pathu. Ndi bambo wa ana amene amaphunzira pamodzi ndi ana athu, ndi mayi amene timaimba naye m'kwaya pa Lamulungu, ndi mphwathu amene tinamperekeza ku sukulu ya apolisi ya Lilayi ndi cikwama cimodzi ndi madalitso a banja lonse. Amakhala m'kampu ya Sikanze kapena ya Chelstone, kapenanso amacita lendi m'komboni imodzi ndi ife. Tsono zimene zimamudya mumtima sizithera ku polisi. Zimafika pakhomo, zimakhala nao pa nsima, ndipo nthawi zina zimafikitsa banja kumanda. N'cifukwa cake mwezi uno tikambirane za matenda a maganizo amene amagwira apolisi kawirikawiri, zizindikiro zake, ndi zimene banja ndi anansi angacite nthawi isanathe.

Zimene maso ao amaona

Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka lokha muli anthu oposa 2 miliyoni. Pamene pali anthu oculuka cotere sipalephera ngozi, ndeu, umbava ndi imfa zadzidzidzi, ndipo zonsezi zimadzera m'manja mwa wapolisi. Galimoto ikagunda mwana pa Great East Road, ife timaima patali, timagwira pakamwa, kenaka timapitiriza ulendo wathu. Wapolisi sangapitirize ulendo. Ayenera kuyeza msewu, kutola kansapato kamene katsala, kunyamula thupi kupita nalo ku nyumba yacisoni ya ku UTH, ndi kukagogoda pakhomo pa makolo amene sanamve kanthu. Akabwerera ku ofesi amapeza mzera wa anthu ena odandaula, ndipo nkhope yake iyenera kuoneka ngati sipanacitike kanthu.

Palinso masiku amene mzinda wonse umawakumbukira. Mu Juni 1990, mtengo wa unga utakwera, m'Lusaka munabuka cipolowe cimene cinapha anthu oposa 20. Mu Epulo 2016, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu m'njira yoopsa m'makomboni ena, khamu linathyola masitolo a alendo, makamaka ocokera ku Rwanda, ndipo ambiri anathawira ku parishi ya St Ignatius. Mu Marichi 2017 anthu 8 anafa popondana pa Olympic Youth Development Centre pamene anali kulimbirana cakudya caulere. Kumayambiriro kwa 2020, nthawi ya mantha a anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, makamu anapha anthu ongowaganizira, ena anawaocha amoyo, ndipo maofesi ena a polisi anaphwanyidwa. Ife zinthu izi tinazimva pa wailesi kapena tinaziona pa foni. Panali anyamata ndi atsikana ovala yunifomu amene anazigwira ndi manja.

Ena saona magazi pamsewu, koma amamva zimene khutu silifuna kumva. Mu 1994, caka cimene dzina la Zambia Police Force linasinthidwa kukhala Zambia Police Service, kunakhazikitsidwa cigawo cothandiza ozunzidwa ca Victim Support Unit, ndipo lamulo la mu 1999 linacilimbitsa. Wapolisi wa m'cigawo cimeneci amaswera kumvetsera ana ogwiriridwa, amayi omenyedwa ndi amasiye olandidwa cuma. Madzulo amabwerera kwao kukasambitsa mwana wake wa msinkhu womwewo. Winanso amaima usiku wonse pa geti ya nyumba yaikulu ku Kabulonga kapena ku Woodlands, m'cisanu ca mu Juni, ali yekha ndi mfuti ndi maganizo ake.

Bala losaoneka

Thupi la munthu lili ndi mlonda wakewake. Coopsa cikafika, mtima umagunda msanga, minofu imakungika, maso amakhala cheru, tulo timathawa. Zimenezi zimathandiza munthu kuthawa kapena kudziteteza, ndipo si matenda ai. Kwa anthu ambiri zimazirala pakapita masiku kapena masabata owerengeka. Koma kwa ena mlonda wa m'thupiyu sakhalanso pansi. Amapitiriza kuliza belu ngakhale ngozi inapita kale. Vuto limeneli madokotala amalicha PTSD, dzina limene linalowa m'mabuku a zacipatala mu 1980, ataona mmene asilikali a ku America obwera ku nkhondo ya ku Vietnam anali kuvutikira.

Zizindikiro zake zili m'magulu anai. Loyamba ndi kubwerera kwa cimene cinacitika: maloto oopsa, kudzidzimuka usiku thukuta lili kamukamu, kapena kuona cithunzi ca ngoziyo masana ngati ikucitikanso, mwina cifukwa ca fungo la petulo kapena kulira kwa mwana. Laciwiri ndi kupewa: munthu amazungulira njira yaitali kuti asadzere pamalo pena, ndipo safuna kuti nkhaniyo ichulidwe. Lacitatu ndi kuuma mtima: sakondweranso ndi ana, amadziimba mlandu, amaona ngati palibe munthu wabwino padziko. Lacinai ndi kukhala cheru kosalekeza: citseko cikamenyetseka amalumpha, amakwiya ndi kanthu kocepa, ndipo pamaliro kapena paukwati amakhala pamene angaone khomo. Zizindikiro izi zikapitirira mwezi umodzi ndi kuyamba kusokoneza nchito kapena banja, nthawi yofuna thandizo yakwana.

Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge anafalitsa zimene anapeza atafunsa apolisi pafupifupi 17,000 a ku Britain. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali ndi zizindikiro za bala limeneli, ndipo ambiri mwa iwo anali asanauzidwepo ndi dokotala kuti akudwala. Ngati zili conco m'dziko limene apolisi ali ndi magalimoto, zipangizo ndi aphungu okwanira kuposa kuno, sitinganene kuti athu a ku Kabwata ndi ku Matero anaumbidwa ndi mwala. Tidziwenso kuti sikuti nthawi zonse bala limabwera ndi tsoka limodzi lalikulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngozi ya lero, mtembo wa mawa, mwana wa mkuja, zimaunjikana kwa zaka khumi mpaka tsiku lina kanthu kakang'ono kagwetsa munthu amene onse ankamuyesa wolimba.

Tulo, cisoni ndi kutheratu mphamvu

Mdani wina amene sitimuwerengera ndi kusowa tulo. Wapolisi amene wacezera usiku amabwera kudzagona masana m'nyumba ya zipinda ziwiri, malata akutentha, ana akusewera pakhonde, wailesi ya anansi ikulira. Sabata yotsatira amasinthidwa kukagwira masana. Mu 2011 madokotala a ku Boston anayeza apolisi pafupifupi 5,000 a ku America ndi ku Canada, ndipo anapeza kuti 40 mwa 100 alionse anali ndi vuto la tulo. Amene anali ndi vutoli ndiwo ankasinza kwambiri poyendetsa galimoto, kulakwitsa polemba, ndi kulephera kuugwira mtima pamaso pa oganiziridwa milandu. Munthu wosagona amakhala ngati nkhuni zouma: kamoto kocepa kamuyatsa.

Kenaka pali cisoni cosatha, cimene kwathu kuno timangoti "kuganiza kwambiri". Cimasiyana ndi cisoni ca masiku onse cifukwa cimakhalitsa masabata awiri kapena kuposa, tsiku lililonse, ndipo cimalanda munthu cilakolako ca cakudya, tulo, mphamvu ndi ciyembekezo. Mwa amuna ambiri sicioneka ndi misozi. Cimaoneka ndi ukali, kukhala cete, mutu wosapola, kuwawa kwa msana, kapena kucezera ku bala. Mnzake wa cisoni cimeneci ndi nkhawa yosatha, imene imagunditsa mtima ndi kubanitsa munthu mpaka aganize kuti akudwala mtima.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linafotokozanso za kutheratu mphamvu kumene kumabwera ndi nchito yolemetsa yosapumira: munthu amatopa kufikira m'mafupa, amayamba kuona anthu amene akuwatumikira ngati cosokoneza cabe, ndipo amaona kuti zonse zimene acita n'zopanda pake. Nthawi zina nkhope yozizira imene timaipeza pa tebulo lolandirira madandaulo imakhala ya munthu wotere.

Ofufuza m'maiko ambiri apeza kuti zowawa za mkati mwa nchito zimalemera mofanana ndi zoopsa za pamsewu. Kusamutsidwa mwadzidzidzi banja n'kutsala, kukhala pa udindo umodzi zaka zambiri anzako akukwera, kusowa galimoto pamene anthu akukuimba mlandu wocedwa, kulamulidwa kucita cimene cikumbumtima cikukana makamaka nthawi ya masankho, zonsezi zimadya munthu mwakacetecete. Apolisi acikazi ali ndi mtolo woonjezera. Ngakhale kuti mu 2012 mayi Stella Libongani anakhala mkazi woyamba kutsogolera apolisi onse m'dziko lino, wapolisi wamkazi wamba amayenerabe kusiya khanda usiku, kupirira nsanje ya mwamuna amene samvetsa nchito yausiku, ndi kuphika akaweruka.

Mowa ndi kaloba

Pamene palibe womuuza, munthu amauza botolo. Mowa umaoneka ngati mankhwala cifukwa umagonetsa msanga ndi kuiwalitsa kwa maola angapo. Koma tulo ta mowa n'tosapumitsa. Munthu amadzuka pakati pa usiku, malotowo amabwera mwamphamvu kuposa kale, ndipo m'mawa nkhawa imakula. Tsono amaonjezera muyeso. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu ndi mowa wina waukali wochipa sizinasowe m'makomboni athu.

Mowa umabwera ndi mbale wake, ngongole. Malipiro akadulidwa ndi banki asanafike m'manja, munthu amathamangira kwa a kaloba, ndipo ciwongoladzanja ca kumeneko sicidziwa yunifomu. Wapolisi amene ali ndi ngongole amakhala ndi manyazi awiri: sangathe kudyetsa banja, ndiponso amene amayenera kumuopa ndiwo amamulondalonda. Apa ndi pamene ena amagwera m'ciyeso ca ziphuphu, ndipo mantha a kugwidwa amaonjezera pa mtolo uja.

Banja lidziwe cinthu cimodzi cofunika. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Angathe kunjenjemera, kuona zinthu zimene ena sakuziona, kapena kugwa ngati wa khunyu, ndipo zimenezi zingaphe. Kusiya kotere kucitike moyang'aniridwa ndi acipatala.

Pamene pali mfuti

Pano ndi pamene nkhaniyi imasiyana ndi ya mphunzitsi kapena kalaliki. Wapolisi amakhala pafupi ndi mfuti. Nyuzipepala zathu zakhala zikulemba za apolisi amene anadziombera, ndi ena amene anayamba aombera mkazi kapena mwamuna wao. A WHO amati anthu oposa 700,000 amadzipha caka ciliconse padziko lapansi, ndipo akatswiri amagwirizana pa mfundo iyi: nthawi imene munthu amafunitsitsa kufa kawirikawiri imakhala yaifupi, mwina mphindi kapena maola. Ngati pa nthawi imeneyo cida coopsa cili kutali, ambiri amapulumuka ndipo amakhala ndi moyo zaka zambiri. Mfuti siipatsa munthu mpata woganizanso.

Tsono ticenjere tikamva mau onga akuti "mudzatsala mukupumula", "ine ndatopa nazo", kapena tikaona munthu akugawa katundu wake, akulaira anzake popanda ulendo, kapena wakhala phee mwadzidzidzi pambuyo pa masabata a kuvutika. Ticenjere koposa ngati zimenezi zabwera pamodzi ndi kutha kwa ukwati, mlandu wa kunchito kapena ngongole yaikulu. Tisaope kumufunsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Funso limeneli silibzala maganizowo mwa munthu, koma limamutsegulira khomo lolankhula. Akavomera, tisamusiye yekha, ticotse mankhwala ndi zingwe pafupi, tidziwitse mkulu wake wa pa nchito kuti asapatsidwe mfuti, ndipo tipite naye kucipatala tsiku lomwelo. Angakwiye nafe, koma ndi bwino atikwiyire ali moyo.

Tikumbuke kuti m'Zambia kuyesa kudzipha si mlandu kucokera mu 1967. Ndiponso Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, m'ndime 2282 ndi 2283, amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungacepetse mlandu wa munthu amene wadzipha, ndi kuti Mpingo umawapempherera anthu otere. Banja limene laferedwa mwa njira imeneyi lifunika kulikhalira pafupi, osati kulinong'onezera kumbali.

Cifukwa ninji amakhala cete?

Coyamba ndi mwambo wathu umene umati mwamuna salira. Caciwiri ndi mwambo wa nchito yeniyeniyo, imene imaphunzitsa munthu kumvera lamulo ndi kubisa mantha. Khalidwe limeneli ndi lofunika pamene khamu likuponya miyala, koma limasanduka msampha munthu akabwera nalo kunyumba. Cacitatu ndi mantha akuti abwana akadziwa, kukwezedwa pa nchito kwatha, ndipo anzake adzayamba kumuloza zala m'kampu.

Cacinai ndi ife tomwe. Cipatala ca Chainama Hills cinatsegulidwa mu 1962 kuti cicize anthu, koma ife tinasandutsa dzina lake kukhala citonzo. Tikafuna kunyoza munthu timati ndi wa ku Chainama. Ana athu amamva, ndipo wapolisi amene amalota mitembo usiku uliwonse amamvanso. Enanso timathamangira kunena kuti walodzedwa ndi anzake a kunchito cifukwa ca udindo, ndipo banja limatha ndalama ndi miyezi kwa asing'anga ndi aneneri matenda akukula. Makolo anati mukabisa matenda, maliro tidzamva.

Malamulo a dziko anasintha kale. Lamulo lakale la m'nthawi ya atsamunda linkacha odwala maganizo ndi maina onyoza, ndipo mu 2017 khoti lalikulu la High Court linagamula kuti mau amenewo ndi osemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act, limene limateteza ulemu ndi ufulu wa odwala ndi kuletsa kuwasala. Cimene catsala ndi kusintha lilime lathu.

Matenda safafaniza mlandu

Wina angafunse kuti: kodi tsopano tikuwaikira kumbuyo? Iai. Mabanja amene anataya okondedwa ao pamene apolisi anali pa nchito ali ndi ufulu wofuna cilungamo. Sitinaiwale Vespers Shimuzhila, wophunzira wa pa UNZA amene anafa mu Okutobala 2018 utsi utadzaza m'nyumba yogona ophunzira pamene apolisi anali kuthetsa cionetsero. Sitinaiwale Nsama Nsama ndi Joseph Kaunda, amene anaomberedwa pa 23 Disembala 2020 pamene apolisi anali kubalalitsa khamu pafupi ndi likulu lao. Aliyense amene wazunzidwa ndi wapolisi angathe kukadandaula ku Police Public Complaints Commission, ndipo mkazi amene akumenyedwa ndi mwamuna wapolisi ali ndi ufulu wofanana ndi mkazi wina aliyense wopita ku Victim Support Unit. Asapirire nkhonya poganiza kuti ndiko kusamala wodwala.

Tinenenso momveka kuti anthu ambiri odwala maganizo sacita nkhanza kwa wina aliyense, ndipo nkhanza zambiri zimacitidwa ndi anthu amene sakudwala konse. Koma wapolisi amene wagona bwino, amene mutu wake uli m'malo ndipo ali ndi womuuza zakukhosi, amaweruza bwino pamene cala cili pafupi ndi mfuti. Kusamala umoyo wa maganizo a apolisi ndi kuteteza iwo, mabanja ao, ndi mwana wathu amene adzakumana nao pamsewu usiku.

Thandizo lilipo

Matenda onse amene tachulawa amacizika. Poyambira ndi pa cipatala cimene cili pafupi: ca apolisi ca Sikanze, kiliniki ya m'dera lathu, kapena zipatala monga ca Chilenje ndi ca Matero, kumene angatumize wodwala kwa akatswiri a ku UTH kapena ku Chainama. Ambiri amene amapita ku Chainama sagonekedwa. Amaonana ndi dokotala, amalandira uphungu kapena mankhwala, ndi kubwerera kwao tsiku lomwelo. Mankhwala a cisoni cosatha amayamba kugwira nchito pakapita masabata awiri kapena anai, conco munthu asataye mtima msanga, ndipo asawasiye popanda kufunsa dokotala. Pa bala la zoopsa lija, cithandizo cacikulu ndi kukambirana ndi phungu wophunzitsidwa, amene amathandiza munthu kuyang'ana cimene cinacitika pang'onopang'ono mpaka cileke kumulamulira. Amene afuna kulankhula ndi munthu wosamudziwa angaimbe nambala yaulere ya Lifeline, 933, ndipo ana angaimbe 116.

Umboni wakuti uphungu umagwira nchito unapezeka mu Lusaka mwathu muno. Akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins, pamodzi ndi bungwe la SHARPZ limene limathandiza anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, anatsatira mabanja 248 a m'makomboni a mumzinda uno m'mene mwamuna ankamwa moopsa ndipo mkazi ankazunzidwa. Aphungu ake anali anthu wamba ophunzitsidwa bwino, osati madokotala. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2020 zinaonetsa kuti nkhanza ndi kumwa zinacepa kwambiri, kotero kuti kafukufukuyo anaimitsidwa msanga kuti mabanja otsalawo alandirenso thandizo lomwelo. Nchito ya uphungu si yacilendo kwa ife. Bambo Michael T. Kelly, wansembe wa Cijezuiti, anayambitsa Kara Counselling mu 1989 pa nthawi ya mliri wa Edzi, ndipo anthu ambiri anaphunzira luso la kumvetsera kudzera kumeneko. M'maparishi athu mulinso a Pioneer, gulu lodziletsa mowa limene linayambira ku Dublin mu 1898, ndipo m'polisi momwemo muli abusa ndi ansembe otumikira apolisi. Pemphero ndi cipatala sizilimbana. Wansembe wanzeru amapempherera wodwala ndi kumuuza kuti apite kwa dokotala.

Mau kwa banja, kwa akuluakulu, ndi kwa ife tonse

Inu amayi ndi abambo amene muli pa banja ndi apolisi, ndinu oyamba kuona kusintha. Musayambe nkhani pamene munthu wangofika kapena waledzera. Dikirani nthawi yabata, ndipo nenani zimene mwaona osati zimene mwaweruza: "Atate ake a mwana, masabata atatu tsopano simugona, ndipo usiku mumafuula. Ndili ndi nkhawa. Tiyeni tikaonane ndi adokotala, ndikuperekezani." Musamukakamize kufotokoza zonse zimene anaona. Kukhala naye pafupi, kumusungira maola a tulo masana, ndi kuuza ana kuti ukali wa atate kapena amayi si mlandu wao, ndi mankhwala kale. Ngati akana kumva inu, funani amene amamumvera: malume, nkhoswe, mnzake amene analowa naye nchito. Ndipo inunso mudzisamale, pakuti wodwazika amadwalanso.

Inu akuluakulu a polisi, mau amodzi a mkulu wa siteshoni amalemera kuposa mapepala khumi a pa khoma. Mnyamata amene wanyamula mitembo lero afunsidwe mawa, ndi sabata yamawa, ndi mwezi wamawa kuti ali bwanji. Chuthi ciperekedwe pa nthawi yake. Amene wapempha thandizo cinsinsi cake cisungidwe, ndipo kumucotsa pa nchito ya mfuti kwa kanthawi kuoneke ngati cisamaliro, osati cilango. Ku Lilayi, ku Kamfinsa ndi ku Sondela, ophunzira amve kucokera tsiku loyamba kuti maganizo amavulala monga mmene mwendo umavulalira, ndi kuti onse awiri amapola akasamalidwa.

Ife otsala tili ndi mbali yathu. Mutu umodzi susenza denga. M'miphakati yathu, ku Good Shepherd ku Kabwata, ku Mary Immaculate kapena kwina kulikonse, muli mabanja a apolisi amene mwina anasiya kubwera cifukwa nthawi zonse nkhani ikafika pa polisi anthu amaseka kapena kutukwana. Tiwayendere. Wapolisi amene anagwira nchito usiku wa Loweruka asaweruzidwe cifukwa sanaoneke pa Misa yam'mawa. Tisaiwale opuma pa nchito, amene yunifomu inawacokera koma zithunzi zinatsala m'mutu. Pa 10 Okutobala caka ciliconse dziko lonse lapansi limakumbukira umoyo wa maganizo, ndipo parishi ingaitane namwino kapena phungu kudzalankhula, ndi kutumiza kalata yoitanira ku kampu ya apolisi imene ili pafupi.

Pa msonkhano wa mphakati mwezi uno tingakambirane mafunso awa. Kodi m'dera lathu muli mabanja angati a apolisi, ndipo tinawayendera liti komaliza? Ndi mau ati amene timalankhula pamaso pa ana athu amene angaletse wodwala maganizo kupita kucipatala? Mnansi atatiuza usiku uno kuti mwamuna wake akulankhula zodzipha, ndani mwa ife angapite naye, ndipo tingapite naye kuti?